MLENDO AMADZA NDI KALUMO KAKUTHWA

Kuyambira m'chaka cha 2014, pamsasa wa anthu othaŵa kwawo wa Dzaleka m'boma la Dowa pakhala pakuchitika chikondwerero cha nyimbo ndi magule chotchedwa Tumaini. Dzinali ndi la Chiswahili ndipo limatanthauza chiyembekezo. Anachiyambitsa ndi mlakatuli wochokera ku Democratic Republic of Congo, Bambo Trésor Nzengu Mpauni, odziŵika ndi dzina loti Menes la Plume, amenenso anafika m'dziko muno pothaŵa mavuto kwawo. Pakhomo salipiritsa ndalama, choncho anthu zikwizikwi ochokera ku Lilongwe, m'midzi ya Dowa ndi kumaiko akunja akhala akusonkhana pabwalo limodzi ndi eni msasawo.

Aliyense amene anafikapo pachikondwererochi sangaiŵale oimba ng'oma a ku Burundi. Anyamataŵa amaloŵa m'bwalo atasenza ng'oma zikuluzikulu pamutu, akuziomba uku akuyenda, kenaka amazitula pansi mozungulira ng'oma imodzi yapakati, nayamba kusinthana kuiomba ndi kudumpha mochititsa kaso. Anthu a ku Rwanda ali ndi gule wawo wa Intore, wovina amuna atavala zoyera zazitali kumutu, mikondo ili m'manja, maseche ali m'miyendo. A ku Congo ali ndi rumba, nyimbo imene Amalaŵi anaizoloŵera kale pa wailesi kupyolera mwa akatswiri monga Franco ndi Tabu Ley. Pabwalo lomwelo amaimanso oimba ndi ovina a dziko lino, alakatuli ndi ochita zisudzo.

Magule ameneŵa ndi chuma chimene dziko lonse lapansi likuchilemekeza. Bungwe la UNESCO linalemba ng'oma za ku Burundi m'kaundula wake wa chikhalidwe cha anthu m'chaka cha 2014, rumba ya ku Congo mu 2021, ndi Intore mu 2024. M'kaundula yemweyo muli Gule Wamkulu ndi Vimbuza, amene bungweli linawazindikira mu 2005, Tchopa wa Alomwe mu 2014, ndi Mwinoghe wa anthu a ku Chitipa mu 2018. Tsono pamene magule a alendo ndi a eni dziko akumana ku Dzaleka, amakumana monga anzake a msinkhu umodzi. Munthu amene analoŵa m'dziko muno ndi kachikwama kamodzi kokha amaonekera kuti anadza ndi katundu wina amene nkhondo inalephera kumlanda.

Makolo ananena kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mbiri ya magule a Malaŵi ikuvomereza mwambi umenewu. Ingoma inadza ndi Angoni, amene gulu lawo lina linaoloka Zambezi m'chaka cha 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba. Tchopa anadza ndi Alomwe amene anachokera ku Mozambique nakhazikika ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Beni, Malipenga ndi Mganda anatengera perete wa asilikali a nthaŵi ya atsamunda, ndipo nchifukwa chake ovina ake amavala mayunifolomu ndi kuguba m'mizere. Ngakhale Acheŵa eni ake, mbiri ya makolo awo imati anachokera kudziko la Aluba, m'Congo momwemo mumene muchokera ambiri mwa anthu a ku Dzaleka lero. Magule onseŵa anali a chilendo tsiku lina. Lero palibe Mmalaŵi amene angalole kuti wina awatche achilendo, pakuti ndiwo amene amakometsa zikondwerero za ufulu wa dziko lino.

Kulandira alendo ndi mwambo wakale wa mtundu wa Amalaŵi. Pamene nkhondo inakula ku Mozambique, dziko lino linasunga othaŵa kwawo opitirira miliyoni imodzi, m'maboma monga Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza, mpaka mgwirizano wa mtendere wa ku Rome wa 1992 utawatsegulira njira yobwerera kwawo. Anthu a m'midzi anagaŵana nawo minda, zitsime ndi nkhuni. Amalaŵi nawonso anakhalapo alendo. Abambo ambiri anapita ku migodi ya ku Joni ndi ku mafamu a ku Zimbabwe, ndipo kumeneko anatenga ng'oma zawo. Gule Wamkulu akuvinidwa ku Zimbabwe mpaka lero chifukwa cha iwo. Chimene gule anachitira Mmalaŵi wosoŵa kwawo kuchilendo ndicho chimene akuchitira Mburundi ndi Mkongo ku Dowa.

Komabe ng'oma zikaleka kulira ndipo magalimoto a alendo akabwerera ku Lilongwe, moyo wa pamsasapo umatsala wovuta monga unalili. Msasa wa Dzaleka unatsegulidwa mu 1994 pamalo pamene kale panali ndende, ndipo unakonzedwera anthu osapitirira 12,000. Pofika m'chaka cha 2023 chiŵerengero chinali chitapitirira 50,000. M'chaka chomwecho Boma linalamula othaŵa kwawo onse okhala m'mizinda ndi m'malo a malonda kuti abwerere kumsasa, ndipo bungwe la World Food Programme linachepetsa thandizo la chakudya chifukwa cha kusoŵa kwa ndalama. Muli ana ambiri pamsasapo amene anabadwira pomwepo, amalankhula Chicheŵa monga ana a m'midzi yozungulira, ndipo sanaonepo dziko lina koma Malaŵi. Mnyamata amene anthu amamuombera m'manja pabwalo Loŵeruka ndi yemweyo amene Lolemba amadzuka wopanda ntchito, ngakhale ali ndi luso ndi maphunziro.

Nzoona kuti dziko lililonse liyenera kukhala ndi malamulo okhudza anthu oloŵa m'malire ake, ndipo mlendo wabwino amamvera malamulo a mwini mudzi. Bata ndi mtendere wa dziko siziyenera kuseŵeretsedwa. Koma lamulo la othaŵa kwawo la m'chaka cha 1989 linalembedwa msasa wa Dzaleka usanatsegulidwe, pamene anthu ankaganiza kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Lero alipo amene akhala pamsasapo zaka zoposa 20. Nkoyenera tsono kuti aphungu a Nyumba ya Malamulo aliunikenso lamuloli mofatsa, kuti mphunzitsi, mmisiri kapena woimba amene wadziŵika kuti ndi munthu wosunga mwambo apeze njira yovomerezeka yogwiritsira ntchito luso lake pothandiza chitukuko cha dziko limene lamsunga.

Udindo ulinso m'manja mwa ena. Mafumu a ku Dowa apitirize kulangiza anthu awo kuti akhale mwamtendere ndi anansi awo a pamsasa, pakuti msika ndi umodzi ndipo msewu ndi umodzi. Atsogoleri a Chipani m'nthambi, m'madera ndi m'maboma adzudzule poyera mchitidwe wonyoza alendo ndi kuwatcha maina achipongwe, chifukwa mchitidwe wotere umachititsa manyazi mtundu wonse. Makampani ndi anthu a malonda amene amathandiza maseŵero a mpira aganizirenso zothandiza zikondwerero zotere, popeza chikondwerero chosalipiritsa pakhomo chimadalira opereka mwaufulu. Aphunzitsi nawo atengereko ana a sukulu kuti akaone ndi maso momwe anyamata a ku Burundi asungira mwambo wa makolo awo ali kutali ndi kwawo. Mwina ana ameneŵa pobwerera adzayamba kufunsa agogo awo za Chimtali, Chisamba ndi Likhuba, magule amene achinyamata ena a m'mizinda ayamba kuwachita manyazi.

Akuluakulu amati dzina loti Dzaleka linachokera ku mawu a munthu wolangidwa wolonjeza kuti adzaleka. Malo amene kale ankamveka kulira kwa akaidi akhala malo amene mitundu yosiyana zilankhulo imavinira pamodzi. Mtundu wa Amalaŵi uonetsetse kuti ulemu umene mlendo amalandira pabwalo la gule akuulandiranso pamsika, kuchipatala ndi pakhomo la ofesi, masiku onse a chaka.