Kupidiguka si Unyani

Anzanga, Lachitatu lapitali ku bwalo la mpira, mwana wa ku pulayimale atapidiguka m'mwamba kawiri pa nthawi yopuma, ena mwa inu munakuwa kuti "nyani uyo!" Ndinakumvani bwinobwino. Mwanayo ndi mng'ono wanga, ali Sitandade 6. Sindinakwiye kwambiri, chifukwa mawu omwewo ankawanenanso ababa athu kunyumba.

Ababa amalima mpunga ku sikimu ya Bwanje. Kwa iwo masewera anali awiri basi: mpira wamiyendo ndi wamanja. Akamuona mng'ono wanga ataima chadodolido, ankakalipa: "Iwe, mtsikana wanji woimika miyendo m'mwamba? Ukathyoka khosi, ndalama ya kuchipatala ndiitenga kuti?" Za miyendozo sindinkagwirizana nawo, poti amavala kabudula. Koma za khosi ankanena zoona. Pansi pathu pano pakauma mwezi wa Okutobala pamakhala ngati simenti.

Zinasintha nthawi yokolola. Mmawa wina akulawirira kumunda, anamupeza kuseri kwa nyumba akupidiguka chagada pa mulu wa mapesi a mpunga. Amagwa, n'kudzuka, n'kubwerera pamene wayambira. Iwo anaima ndi chikwakwa m'manja n'kumawerenga. Atafika 30 anasiya. Madzulo anamufunsa chifukwa chake amabwereza chinthu chimodzimodzi. Iye anati, "Ababa, mapazi sakutera limodzi."

Ababa anaseka, n'kunena kuti kuima ndi manja si nkhani. Munthu wonyamula thumba la makilogalamu 50 yekha! Anavula shati, n'kuyesa. Anzanga, sanathe ngakhale kuwerenga mpaka 2. Anagwera pa dengu la amayi, ndipo dengulo mpaka lero ndi lopindika.

Patapita masiku, amalume anawaonetsa pa foni ku Golomoti kanema wa Simone Biles wa ku America. Mayi ameneyu ndi wamfupi, mamita 1.42 okha, koma anapata mendulo 4 zagolide pa Olimpiki ya ku Rio mu 2016, ndi zina 3 ku Paris mu 2024. Anayamba ali ndi zaka 6, akuleredwa ndi agogo ake. Ababa chimene anaona si mendulo ayi. Anabwera akunena kuti, "Ujatu amatera mapazi onse limodzi, komanso pansi pake ndi pofewa." Loweruka lake anakatenga matumba atatu a mankhusu a mpunga kuchigayo, pa njinga, n'kuwayala pansi pa mtengo wa mango. Pano alendo akabwera amati, "Uyu ndiye wamasewera wanga." Koma lamulo analipereka: osayesa chatsopano popanda wamkulu womugwira msana.

Ndiye ndikufunsa ife ophunzira. Temwa Chawinga akagoletsa ku America timavina, ndipo n'zoyenera. Nanga bwanji mwana amene amadzuka kusanache, tsiku ndi tsiku, kulimbitsa manja ndi msana, timamutcha nyani? Wamasewera ndi ndani kodi, si amene amakonzekera n'kumakonza zolakwa zake? Ambiri a ife tinkapidiguka pa mchenga kumtsinje tili ana. Tinasiya chifukwa chosekedwa, osati chifukwa cholephera. Ine ndinasiya ndili Sitandade 5, ndipo zimandiwawa ndithu.

Ena munena kuti zimenezi sizibwera pa mayeso a JCE. Eya, mpiranso subwera. Ena munena kuti kuno kulibe zipangizo. Mankhusu alipo, kuchigayo amangotaya.

Pempho langa kwa aphunzitsi a zamasewera ndi lakuti pa tsiku la masewera teremu ino atipatseko mphindi 15 zokha, ndipo makolo aitanidwe. Ababa anena kale kuti matumba abweretsa okha. Amene munakuwa aja, mudzayambe ndinu kuima ndi manja, ife tidzakuwerengerani.

Wophunzira wa Fomu 2