ZA NYIMBO NDI ZOIMBIRA: Limba Lakale pa Wailesi

Mwezi uno tiyambe ndi funso: kodi munthu angayende mtunda wautali bwanji kuti akangomvera nyimbo?

M'chaka cha 1705 mnyamata wina wa zaka 20, dzina lake Johann Sebastian Bach, anali woimba limba m'tchalitchi cha m'tauni ya Arnstadt ku Germany. Iye anapempha akulu a mpingo kuti ampatse milungu inai, nanyamuka ulendo wa pansi kunka ku mzinda wa Lübeck, mtunda wa makilomita pafupifupi 400, ndiko kunena kuposa mtunda wa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Chimene chinamkoka ndi mbiri ya mkulu wina, Dieterich Buxtehude, amene ankaimba limba m'tchalitchi chachikulu cha Marienkirche. Atafika kumeneko milungu inai ija inasanduka miyezi pafupifupi inai, kotero kuti pobwera akulu a mpingo anamuitana kuti adzalongosole za kuchedwa kwake.

Wina angafunse kuti, nanga sakanadikira kuti mkuluyo adzaimbe kufupi ndi kwao? Yankho lake nlakuti limba silinyamulika. Ofuna kulimva ankayenera kulitsata kumene lili.

Limba limene tikunena pano si lija lamagetsi limene anyamata a kwaya amanyamula pa pheŵa, kapena lija la matabwa, lopopa ndi mapazi, limene akuluakulu akulikumbukira m'matchalitchi a pa mishoni. Tikunena limba la zitoliro, limene limamangidwa m'kati mwa nyumba monga momwe amamangira guwa. Choimbira chimenechi nchakale ndithu, pakuti kholo lake linapangidwa muno mu Africa, ku Alexandria m'dziko la Egypt, ndi mmisiri wina wotchedwa Ktesibios, zaka zoposa 200 Kristu asanabadwe.

Kachitidwe kake nkotere. Kuseri kuli mivukuto yonga ya osula makasu, koma yaikulu kwambiri, imene imakankhira mpweya m'mabokosi a matabwa. Pamwamba pa mabokosiwo paima zitoliro mazanamazana, mwinanso zikwi, zina za mtovu wosakaniza ndi chitsulo chofeŵa, zina za matabwa. Chitoliro chilichonse chili ndi liu limodzi lokha. Chachitali koposa chimafika mamita pafupifupi 10, ndipo liu lake munthu amalimva m'chifuwa ngati bingu lakutali. Chaching'ono sichiposa pensulo. Woimba akadinikiza kiyi, kachitseko kamatseguka, mpweya nuloŵa m'chitoliro, chitoliro nichilira. M'mbali mwa woimbayo muli timitengo tokoka, ndipo kamtengo kalikonse kamatsegulira banja lathunthu la zitoliro za mamvekedwe amodzi. Manja amaimba pa mizere iŵiri, itatu kapena inai ya makiyi, pamene mapazi akuimba makiyi aoao pansi. Kale, magetsi asanabwere, pankafunikanso amuna oponda mivukuto kuseri, kosaoneka ndi anthu. Iwo akaleka, ngakhale katswiri wotani ankangodinikiza makiyi osalankhula.

Chinanso nchakuti mmisiri amakonza liu la chitoliro chilichonse ali m'nyumba momwemo, akumvetsera momwe makoma ndi denga zikubwezera mau. Nchifukwa chake palibe malimba aŵiri ofanana. Lililonse lili ndi liu lake monga alili anthu, ndipo mukalichotsa m'nyumba yake lasanduka lina.

Mbiri ya kusonkhana kudzangomvera limba ikutikhudza ife a mpingo uno, popeza atumwi amene anatibweretsera Uthenga anachokera ku mipingo ya ku Scotland ndi ku mpingo wa Dutch Reformed, umene mizu yake ili ku Holland. Pa nthaŵi ya kukonzanso Mpingo, John Calvin anaphunzitsa kuti Masalmo aziimbidwa ndi pakamwa pokha. Ku Zurich limba la m'tchalitchi chachikulu linagwetsedwa mu 1527. Ku Scotland anthu ankalinyoza limba kuti ndi bokosi la malikhweru, ndipo panapita zaka mazana atatu lisanabwerere. Tchalitchi cha Greyfriars ku Edinburgh chinaimika lake mu 1865, pakati pa mkangano woopsa. Tisafulumire kuwaseka makolo amenewo. Nkhaŵa yao inali yakuti choimbira chingameze mau a mpingo, anthu nkusanduka oonerera m'nyumba ya Mulungu. Nkhaŵa imeneyo ikadali ya nzeru mpaka lero, makamaka kumene zokuzira mau zimatseka makutu a opembedza.

Koma ku Amsterdam zinthu zinayenda mwina. Mzindawo utatsata chiphunzitso cha Calvin mu 1578, malimba sanagwetsedwe, chifukwa anali chuma cha mzinda. Akulu a mzinda anapitiriza kulipira woimba wa m'tchalitchi cha Oude Kerk, Jan Pieterszoon Sweelinck, kuti aziimba kunja kwa nthaŵi ya mapemphero. Anthu ankaloŵa kudzamvera, ndipo iye ankatenga maimbidwe a Masalmo naŵaluka mosiyanasiyana, kotero kuti omvera ankawazoloŵera. Anagwira ntchitoyo zaka zoposa 40 kufikira imfa yake mu 1621, ndipo anyamata a ku Germany ankabwera kudzaphunzira kwa iye. Motero chiletso chija chinabala chinthu chimene oletsawo sanachiyembekeze: mwambo wakuti anthu wamba akhale chete ndi kumvera limba likuimba lokha.

Ngakhale zinali choncho, omvera anali okhawo okhala pafupi ndi tchalitchi, kapena olimba miyendo ngati Bach. Chimene chinasintha zonse ndi wailesi.

Mwa anthu amene anaigwiritsa bwino ntchito, tiyenera kutchula E. Power Biggs, amene anabadwira ku England mu 1906 nasamukira ku America. Kuyambira mu 1942 kufikira mu 1958, Lamulungu lililonse m'maŵa, iye ankaimba pa wailesi ya CBS kuchokera m'nyumba ina yosungiramo zakale pa sukulu yaukachenjede ya Harvard. Limba la m'nyumbamo linamangidwa mu 1937 motsanzira mamvekedwe a malimba akale a ku Ulaya. Pa masiku amenewo anthu a ku America anazoloŵera malimba a mau olemera ndi osokonekera ngati phala lolimba. Koma pa wailesi anayamba kumva nyimbo za Bach zikumveka mwa ngwee, mzere uliwonse wa nyimbo ukuoneka pa wokha. Mu 1954 Biggs anapita ku Ulaya ndi makina ojambulira mau, nayenda m'matchalitchi akale kujambula malimba enieni a makedzana, kuti anthu adzimvere okha. Mu 1958 anaimikitsa ku Harvard limba latsopano la mmisiri wa ku Holland, Dirk Flentrop, lopangidwa mwa njira yakale, mmene makiyi amatsegula zitoliro ndi timitengo topyapyala, osati ndi magetsi. Mipingo ndi masukulu ambiri a ku America anatsata chitsanzo chimenecho, ndipo luso limene linali pafupi kuiŵalika linadzukanso.

Ena anapitiriza ntchitoyi. Ku Britain wailesi ya BBC inali ndi pologalamu ya mlungu ndi mlungu yotchedwa The Organist Entertains kuyambira mu 1969 kufikira mu 2018. Ku America, Michael Barone anayambitsa pologalamu ya Pipedreams pa wailesi ya ku Minnesota mu 1982, ndipo pa zaka zoposa 40 yatengera omvera ake ku malimba a m'maiko ambiri. Masiku ano, popeza mawailesi akutali amamvekanso pa intaneti, mwana wa ku Nkhoma kapena ku Mvera angathe kumva pa foni limba la m'tchalitchi cha Valère ku Sion m'dziko la Switzerland, limene linamangidwa cha m'ma 1435 ndipo likuimbabe.

Anthu amati tsobola wakale saŵaŵa. Pa nkhani ya malimba mwambiwu ulibe mphamvu, pakuti zitoliro za zaka 300 zikuposabe zambiri za dzulo. Koma kukhalapo kwake si kwa mwai, ndipo nkhani ya mizinda iŵiri ya ku Germany ikutionetsa zimenezi.

Ku Lübeck, usiku wa pa 28 Malichi 1942, ndege za nkhondo zinatentha tchalitchi cha Marienkirche, ndipo limba laling'ono lakale limene Buxtehude ankaimba linapsa psiti. Liu limenelo palibe adzalimvenso m'nyumba yake. Ku Hamburg, m'tchalitchi cha St. Jacobi, muli limba limene mmisiri wotchuka Arp Schnitger anamaliza mu 1693, la zitoliro pafupifupi 4,000, limene Bach analidziŵa pamene anapita kumeneko mu 1720. Mu 1917 boma linatenga zitoliro zake za kutsogolo kuti zikasungunulidwe pa zosoŵa za nkhondo. Pa nkhondo yachiŵiri anthu ochenjera anazula zitoliro zotsalazo pamodzi ndi mabokosi ake mu 1942, nazibisa m'chipinda cholimba. Tchalitchicho chinapsa mu 1944, koma zitoliro zinapulumuka, ndipo mu 1993 mmisiri Jürgen Ahrend anamaliza kulibwezera limbalo ulemerero wake. Kusiyana kwa mizinda iŵiriyi nkwakuti kwina kunapezeka anthu amene anachitapo kanthu moto usanafike.

Tinaonanso zofanana posachedwapa. Pamene tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris chinapsa pa 15 Epulo 2019, limba lake la zitoliro pafupifupi 8,000 silinapse, koma linadzaza ndi fumbi la mtovu. Amisiri analiphwasula, natsuka chitoliro chimodzichimodzi, ndipo linaimbanso pa 7 Disembala 2024, anthu a m'maiko ambiri akumvera ali m'nyumba zao. Ndalama ndi thukuta zotere sizitayidwa pa chinthu chimene palibe akuchimvera. Mdani wamkulu wa limba si moto wokha, komanso mbeŵa, chinyezi, fumbi ndi mphwayi, ndipo zimenezi zimaloŵa pamene omvera atha.

Apa ndi pamene pali bvuto lathu. Wailesi yachotsa mtunda, koma chinthu chobwera mosabvuta chimapeputsidwa. Nyimbo zasanduka phokoso loperekeza ntchito: wina akusesa, wina akukazinga, wina akucheza, wailesi ikungolira yokha pa tebulo. Nyimbo za limba sizilola zimenezo. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo kumva limba nkudekhanso.

Tiphunzire kwa Helmut Walcha wa ku Germany, amene anachita khungu ali mnyamata. Popeza sakanatha kuŵerenga manotsi, amai ake, ndipo pambuyo pake mkazi wake, ankamuimbira mzere umodziumodzi wa nyimbo, iye nausunga pamtima, kenaka nailumikiza mizereyo m'mutu mwake. Mwa njira imeneyi analoŵeza nyimbo za limba za Bach, ndipo kuyambira mu 1947 anazijambulitsa pa malimba akale a ku Lübeck ndi ku Cappel. Ngati munthu anafika pamenepo ndi makutu okha, ife sitingalephere kupatula theka la ola.

Tsono banja lingayambe motere. Sankhani nthaŵi yabata, monga Lamulungu madzulo, ndipo ntchito zina ziyambe zaima. Mverani zimene muulutsi akunena nyimbo isanayambe: dzina la mzinda, chaka cha limbalo ndi mmisiri wake. Ana akapeze mzindawo pa mapu. Nyimbo ikayamba, funafunani maimbidwe amene mukuwadziŵa, pakuti zambiri mwa nyimbozi zinalukidwa pa nyimbo za mpingo. Maimbidwewo amayenda pang'onopang'ono pakati pa mau ena othamanga, monga nkhalamba pakati pa adzukulu. Kenaka tsatani mau a pansi, a mapazi. Kawailesi kakang'ono kapena foni sizitulutsa bwino mau amenewa, choncho gwiritsani ntchito zomvera za m'makutu kapena chokuzira mau chachikulupo. Pa nyimbo za mtundu wotchedwa fugue, mau amodzi amayamba okha, achiŵiri nabwereza zomwezo oyamba aja asanaleke, achitatu naloŵanso, monga amai atatu osinja mu mtondo umodzi, misi ikupokezana osagundana. Ŵerengani kuti mutu wa nyimbowo wabwerera kangati. Pomaliza, nyimbo ikatha musafulumire kulankhula. Mverani momwe mau akuzimirira m'denga la tchalitchicho, pakuti pamenepo mukumva nyumba imene simunaiponde.

Kwa inu achinyamata oimba malimba amagetsi m'mipingo yathu, phindu lake nlalikulu. Mudzamva momwe akatswiri amapumira pamodzi ndi mpingo pa mapeto a mzere uliwonse, momwe amachepetsera mau kuti oimba amveke, ndi momwe amasinthira mamvekedwe molingana ndi tanthauzo la ndime. Mudzazindikira kuti kukweza mau si luso. Mukatero mudzakhala mwayankha nkhaŵa ija ya makolo a ku Geneva ndi ku Scotland mwa njira yabwino koposa: choimbira chonyamula mpingo, osati choupondereza.

Ndipo kwa inu makolo, mwana wophunzira kukhala chete ndi kutsata mau atatu pa nthaŵi imodzi akuphunziranso kumvera aphunzitsi, kumvera ulaliki, ndi kumvetsera mnzake kufikira atamaliza kulankhula. Khutu lotere silibadwa lokha, limaleredwa m'nyumba.