Kuthamanga ndi Mapu M'manja

Mukadzapezeka ku London cha mu Seputembala, musadzadabwe kuona agogo aimvi akuthamanga m'tinjira ta pakati pa nyumba zosanja, maso ali papepala. Sanasokere ayi. Ali pa mpikisano wa London City Race, umene unayamba mu 2008.

Masewerawa amatchedwa orienteering. Anayambira m'nkhalango za ku Norway ndi Sweden, koma tsopano analowa m'tauni, moti ku Britain kuli ligi yake. Aliyense amanyamuka payekha, mapu atangowalandira kumene. Ayenera kupeza timbendera motsata manambala, koma njira amasankha yekha. Foni yolozera njira siloledwa.

Chondikopa ine n'chakuti liwiro lokha silikwanira. Mnyamata wamiyendo yopepuka akalowa njira yotsekedwa ndi mpanda, basi abwerere, chifukwa kudumpha mpanda woletsedwa pa mapu n'kuchotsedwa mumpikisano. Nthawi imeneyo mayi amene anayamba waima kaye n'kuwerenga wadutsa kale pamasitepe.

Mtima ukupopa magazi, ubongo nawo osagona. Ndipo popeza amapikisana potengera msinkhu, bambo, mayi ndi agogo amathamanga tsiku limodzi, madzulo n'kumatsutsana pachakudya kuti anasankha njira yabwino ndani.