Dziwe la Alendo, Ngalande ya Alimi

Pachilumba cha Bali, m'dziko la Indonesia, pali hotela yapamwamba yotchedwa Hoshinoya Bali. Inatsegulidwa mu Januwale 2017 kufupi ndi tawuni ya Ubud, pamtunda woyang'ana nkhalango yowirira ya m'chigwa cha mtsinje wa Pakerisan. Eni ake ndi kampani ya ku Japan ya Hoshino Resorts, ndipo iyi ndiyo inali hotela yoyamba ya dzina la Hoshinoya kunja kwa dziko lawo.

Wolemba mapulani ake, Mayi Rie Azuma, anaphatikiza luso la mitundu iwiri. Ku Japan anatengako zipinda zopanda katundu wambiri ndi zitseko zokankhira m'mbali. Ku Bali anatengako matabwa osemedwa ndi amisiri a komweko. Nyumba 30 zogona alendo zinandandalika m'mbali mwa maiwe atatu osambiramo, lililonse lotalika mamita 70. Maiwewo anawakumba dala kuti afanane ndi ngalande zimene alimi a ku Bali amathirira nazo mpunga.

Ngalande zenizenizo zili m'manja mwa magulu a alimi otchedwa subak, amene akhalapo zaka pafupifupi 1,000. Pachilumbachi pali magulu otere okwana pafupifupi 1,200. Alimi omwera gwero limodzi amasankha mtsogoleri wawo, pekaseh, ndipo amakumana pakachisi wa madzi kuti agwirizane tsiku lowokera, kagawidwe ka madzi ndi ntchito yokonza ngalande. Pamsonkhanopo mawu a wolemera ndi a wosauka amalemera chimodzimodzi. M'chaka cha 2012 bungwe la UNESCO linaika ulimiwu m'kaundula wa chuma cha dziko lonse, ndipo chigwa cha Pakerisan ndi amodzi mwa malo amene analembedwa.

Phindu la mgwirizanowu linaoneka bwino pamene unanyozedwa. M'zaka za m'ma 1970 boma linabweretsa mbewu zocha msanga, feteleza ndi mankhwala, n'kulamula alimi kuti aziwokera motsatizana, osadikira kalendala ya kukachisi. Posakhalitsa tizilombo ndi matenda a mpunga zinabuka, madzinso n'kuyamba kuperewera. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu, Stephen Lansing, ndi mnzake James Kremer anafufuza nkhaniyi mothandizidwa ndi kompyuta, ndipo anapeza chinsinsi chake. Minda yoyandikana ikakololedwa n'kugonekedwa nthawi imodzi, tizilombo timasowa chakudya n'kufa. Koma chigwa chonse chikawokera tsiku limodzi, madzi sakwanira. Choncho mlimi wakumtunda amalolera madzi kutsikira kwa mnzake wakumunsi, podziwa kuti akamumana, wakumunsiyo adzawokera nthawi ina, ndipo tizilombo ta m'munda mwake tidzakwera mtunda. Mwambo umene akatswiri ankauyesa wachikale unali nzeru ya ulimi.

Lero subak ikulimbana ndi vuto lina. Bali ili ndi anthu opitirira pang'ono 4 miliyoni, koma m'chaka cha 2019 inalandira alendo akunja oposa 6 miliyoni. Alendowo abweretsa ntchito, misewu ndi msika wa zosemasema, ndipo palibe angakane zimenezi. Komabe mahotela ndi nyumba za alendo zikamachuluka, minda imagulidwa, mtengo wa malo umakwera pamodzi ndi msonkho wake, ndipo achinyamata amasiya khasu kukafuna ntchito ya malipiro. Zitsime zakuya za m'malo a alendo zimamwa madzi a pansi pa nthaka. Munda umodzi wapakati ukasanduka nyumba, ngalande imatha kuduka, akumunsi onse n'kuona zakuda.

Chodabwitsa n'chakuti chimene mlendo amalipirira ndalama zambiri ndi kukongola kwa minda yobiriwira, pomwe wosamala mindayo kawirikawiri salandirapo kanthu. Kuyambira mu Febuluwale 2024 boma la Bali limatolera 150,000 rupiah kwa mlendo aliyense wakunja, ponena kuti ndalamazo n'zotetezera chikhalidwe ndi chilengedwe. Muyeso wa ndondomekoyi udzakhala umodzi: kuchuluka kwa zimene zidzafike kwa mlimi wochotsa matope m'ngalande.

Amisiri angathe kukopera maonekedwe a ngalande n'kuwasandutsa dziwe lokongola, ndipo pamenepo aonetsa ulemu ku luso la eni nthaka. Chimene sangathe kukopera ndi pangano la alimi logawana madzi. N'chifukwa chake gulu lililonse la ulimi wothirira limene layandikana ndi malo okopa alendo liyenera kukhala ndi malamulo olembedwa, malire odziwika a gwero lake, ndi mpando pamene pakukambidwa za malo, njerwa yoyamba isanaikidwe. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. M'chaka cha 2020, mliri wa Covid-19 utatseka mahotela a ku Bali, ambiri amene ntchito inawathera anabwerera kumudzi, ndipo inawalandira ndi minda yomwe inali isanagulitsidwe.