Lekani Kuyeza Masiketi, Yezani Ndalama za Pamsika

Dzuwa likangopendeka pa Namitete, akuluakulu ena amayamba nyimbo yawo ya masiku onse. Akuti malo ano aonongeka. Akuti ana a sukulu abweretsa makhalidwe a m'tauni, atsikana akuyenda ndi mathalauzi othina, anyamata akumeta mitu ngati anakangana ndi lumo, nyimbo zikulira m'mabala mpaka tambala woyamba. Mawu omwewa mudzawamva pa Mpingu, mudzawamvanso pa Nsaru tsiku la msika. Ine ndatopa nayo nyimbo imeneyi, ndipo ndinena mosapsatira: oimba ake ambiri akuigwiritsa ntchito pobisa manyazi awo.

Namitete anakula chifukwa cha alendo. Chipatala cha St Gabriel's, chimene masisitere a chipani cha Karimeli ochokera ku Luxembourg anayambitsa mu 1959, chimakoka odwala ndi owadikirira kuchokera kutali. Sukulu ya ntchito zamanja ya Namitete Technical College imabweretsa achinyamata ochokera m'maboma osiyanasiyana kudzaphunzira ukalipentala, zomangamanga ndi zina. Msewu wa M12 wopita ku Mchinji ndi ku Chipata umadutsa pompano ndi magalimoto ake. Mukabwerera chakumzinda wa Lilongwe mupezanso ophunzira a ku koleji ya NRC, imene tsopano ili pansi pa yunivesite ya LUANAR, ndi ogwira ntchito pa malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze. Anthu amenewa ndiwo amagula tchipisi cha pa chiwaya, amakwera kabaza, amachita lendi timanyumba takuseri, amapeta tsitsi ku saluni. Mayi amene akudandaula kuti mtsikana wa pakoleji wavala moipa ndi yemweyo amene amamutolera ndalama ya lendi mwezi ukatha. Ndalama yake mukuifuna, koma nkhope yake ndi zovala zake zikukuwawani?

Tsono tiyeni tilowe m'bala momwemo tione amene wakhala pa mpando. Wophunzira wa pakoleji amene makolo ake amamutumizira kangachepe pa foni sangagule mowa wa tebulo lonse. Nyengo ya fodya ikafika, ndalama zikatuluka ku okushoni ku Kanengo, amene amadzaza mabala ndi malo ogona alendo ndi abambo a mabanja awo, ochokera ku Kabudula, ku Nsaru, ku Nambuma, amene akazi ndi ana awo anathyoka misana posoka fodya m'zigafa. Ena amatha sabata osabwerera kumudzi. Akabwerera, m'thumba muli mphepo yokha, ndipo Lamulungu amakhala kutsogolo m'tchalitchi kugwedeza mutu pamene mlaliki akudzudzula siketi yaifupi. Anyani amasekana zikundu.

Sindikunena kuti usiku wa pamalo athu amalonda ndi woyera. Pali ana osakwana zaka 18 amene amagulitsidwa mowa poyera. Pali kachasu wosadziwika mphamvu yake. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma mowa waukali wotchipa unangosintha chovala n'kulowa m'timabotolo. Pali atsikana aang'ono amene amatengedwa kumidzi kuti akagwire ntchito m'bala, ntchito yeniyeniyo tonse tikuidziwa. Izi ndi milandu, ndipo olakwa ake ndi akuluakulu okhala ndi ziphaso za bizinesi, odziwika mayina awo, amene amapatsidwa moni waulemu pamaliro. Amenewa sitiwakuwiza. Timakuwiza mwana wa eni ake amene wangodutsa pa depoti atavala jinzi yogula pa kaunjika.

Kuyeza zovala za akazi si mwambo wa makolo monga ena amanamizira. Linali lamulo la boma. Mu 1973, mu ulamuliro wa Kamuzu Banda, kunakhazikitsidwa lamulo la Decency in Dress Act limene linaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi. Linathetsedwa mu 1993, chaka chomwe Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri. Koma mzimu wake sunaikidwe m'manda. Mu Januwale 2012, anyamata ena m'misewu ya Lilongwe, Mzuzu ndi Blantyre anayamba kuvula amayi ovala mathalauzi dzuwa likuswa mtengo, mpaka amayi anasonkhana ku Blantyre kudzudzula mchitidwewu, ndipo Joyce Banda, amene pa nthawiyo anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, anaima nawo. Chaka chimenecho dziko linali pa mavuto a mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja. Anthu anali ndi mkwiyo woona, koma anaupungulira pa thupi la mkazi, poti ndiye anali pafupi ndipo sakanabwezera.

Ife a kuno kuzambwe kwa Lilongwe tili ndi chifukwa chachikulu chochitira manyazi ndi nkhani zoterezi. Mu 2019, chisankho cha mwezi wa Meyi chitatha, dzina la Msundwe linamveka dziko lonse. Achinyamata a kumeneko anatchuka pa zionetsero zotsutsa zotsatira za chisankhocho mpaka anthu anawapatsa dzina loti Msundwe Barracks. Pa 8 Okutobala chaka chomwecho wapolisi Usumani Imedi anaphedwa pa Msundwe, imfa yankhanza imene palibe angaiikire kumbuyo. Zimene zinatsatira tikuzidziwa. Bungwe la Malawi Human Rights Commission linapeza kuti apolisi anagwirira ndi kuchitira nkhanza amayi ndi atsikana ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu. Bungwe la amayi odziwa zamalamulo la Women Lawyers Association linatengera nkhaniyi ku khoti, ndipo mu Ogasiti 2020 Jaji Kenyatta Nyirenda wa bwalo lalikulu analamula kuti amayi ndi atsikana 18 apatsidwe chipukuta misozi. Amayi amenewo anali m'nyumba zawo ndi m'mashopu awo. Funso loti anavala chiyani silinawateteze ndipo silikanawateteza. Aliyense wa kuno amene akuphunzitsabe kuti chitetezo cha mkazi chili m'kutalika kwa chitenje chake akunyoza amayi amenewa.

Mphamvu zonse zimene timathera pa masiketi zikanapita kwina zikanasintha malo ano. Tsiku lililonse la msika, mayi wogulitsa tomato, bambo wa kaunjika, mnyamata wa chiwaya, onse amadula chiphaso cha khonsolo. Ndalamazo ndi zingati pa chaka pa Namitete pokha? Pa Nsaru? Zimagwira ntchito yanji? Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linabwera ndi lonjezo loti mphamvu zipita kwa anthu. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko linayenda popanda makhansala n'komwe, ndipo ambiri a ife sitinazindikire kuti palibe. Lero alipo. Palinso thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, la CDF. Ndani mwa olalikira za mavalidwe aja anaimapo pamsonkhano wa komiti ya chitukuko n'kufunsa kuti ationetse mapepala a ndalama? Kufunsa khansala kumafuna mtima. Kukuwiza mtsikana n'kwaulere.

Malo amalonda amene ali ndi ophunzira, odwala ndi apaulendo sagona msanga, ndipo sadzagona msanga chifukwa choti wina wakwiya. Chofunika n'choti usikuwo ukonzedwe. Magetsi a dzuwa a m'mbali mwa msewu kuchokera pa siteji kukafika ku chipatala ndi ku koleji angateteze atsikana kuposa maulaliki zana. Zimbudzi zaukhondo pamsika, ngalande zoti madzi a mvula asamalowe m'mashopu, malo oimikapo njinga zamoto kuti akabaza asamapikisane ndi mathiraki pa M12, nthawi yodziwika yotsekera mabala imene ikugwira aliyense ngakhale mwini bala atakhala mlamu wa amfumu: zimenezi ndiye chitukuko. Pano aliyense amamanga pamene wafuna, shopu kutsogolo, bala kumbuyo, timazipinda ta lendi pakati, popanda njira yoti ngakhale ngolo idutse. Chodabwitsa n'choti pafupi pomwepo pali achinyamata amene akuphunzira kumanga ndi kupala matabwa, ndipo ife amene timawanena sitiganizako zowapempha kuti luso lawolo lioneke pamsika wathu.

Nanunso ophunzira, musaganize kuti ndakusiyani. Muli ndi mafoni, mumadziwa kulemba kalata, mumatha kuwerenga bajeti. Pa Facebook ndi pa WhatsApp mumalusa ngati mikango pa nkhani za ku Capital Hill, koma msika umene mumagulapo ndiwo tsiku ndi tsiku simuufunsira kanthu, poti mumati ndinu odutsa. Zaka ziwiri kapena zitatu si kudutsa. Mnzanu akakuwizidwa pa siteji, inu anyamata mumayang'ana kumbali, ena mumaseka nawo. Achinyamata a ku Msundwe anaonetsa dziko kuti anthu akumudzi angathe kugwedeza boma. Anaonetsanso kuti mkwiyo wopanda dongosolo umathera pa maliro ndipo olipira amakhala amayi. Inu mwapita ku sukulu kuti mudziwe njira ina. Pitani ku msonkhano wa komiti ya msika mwezi uno, mukhale kutsogolo, atsikana muvale zimene mwafuna, ndipo mufunse kuti ndalama za ziphaso za chaka chatha zinakwana zingati.