Kodi tilipire mwana kuti aleke?

Kholo limene mwana wake wakodwa mu msampha wa kokeni kapena methamphetamine limayamba ndi funso limodzi: kodi kucipatala kuli mankhwala? Mayi wa ku Shikoswe muno mu Kafue angakwere basi kunka ku Chainama Hills mu Lusaka, ndipo acita bwino kutero. Koma adziwe kuti kufikira lero palibe piritsi kapena jekeseni yovomerezeka yothetsa cibaba ca ziwirizi. Cimene caoneka kuti cimathandiza koposa ndi cinthu coti ambirife tingaseke: mphotho.

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 Stephen Higgins wa pa University of Vermont ku America anaonetsa mmene njirayi imagwirira nchito. Wodwala ankapimidwa mkodzo katatu pa sabata kwa masabata 12. Mkodzo ukapezeka wopanda kokeni, pomwepo ankalandira kapepala kogulira katundu. Koyamba kanali ka madola awiri ndi theka cabe, koma mtengo unkakwera nthawi iriyonse imene wapambananso motsatizana. Akaterereka, sankamukalipira kapena kumucotsa. Mtengo unkangobwerera pansi, iye n'kuyambanso. Boma la California linayamba kulipirira njirayi mu 2023, ndipo ku Cape Town anaiyesa pa osuta "tik".

Ndikudziwa cimene agogo anene: kodi cimeneci si ciphuphu? Ine ndikuti ai. Ciphuphu cimagula coipa mumdima, pamene apa cabwino cikuyamikiridwa poyera. Ndipo taganizani: kokeni amapereka cisangalalo cake m'kamphindi, koma zipatso za kuleka, monga thanzi, ulemu ndi mtendere m'banja, zimacedwa miyezi. Bongo wozolowera zacangu sutha kudikira cotere. Mphotho yaing'ono ya lero imamugwira dzanja kufikira zazikuluzo zitayamba kuoneka. Ife makolo timacita zosiyana: mwana akalakwa timafuula tsiku lomwelo, akakhala bwino sabata yathunthu timangoti zii.

Komabe musathamangire kupatsa mwana ndalama m'manja cifukwa walumbira kuti waleka. Popanda kupima koona, mudzangomugulira zomwezo.

Pofooka pa njirayi ndi apa: mphotho zikatha, ena amabwerera kumene anacoka. Masabata amenewo angotsegula mpata woti munthu apeze nchito, sukulu ndi anzake atsopano. Muno mu Kafue, mmene Kafue Textiles inatseka zitseko kalekale, gawo la nchitoli ndilo lidzatitopetsa.