Mtima wofooka sufuna Lasix yekha

Mtima ukafooka umalephera kupopa magazi mokwanira, ndipo madzi amadzadza m'mapapo ndi m'miyendo. Wodwala amabanika pokwera kachitunda, usiku amagona chokhala, ndipo akadinidwa ndi chala pa msongolo pamatsala kadzenje. Kumudzi ena amati ndi tsempho, pomwe kawirikawiri gwero lake ndi BP yosasamalidwa, mavavu a mtima owonongeka kutsatira zilonda zapakhosi za paubwana, kapena kufooka kwa mnofu wa mtimawo, komwe kumagwiranso amayi amene angochira kumene.

Mankhwala odziwika kwambiri ndi furosemide, amene ambiri amangoti Lasix. Amakodzetsa, miyendo n'kuphwa, munthu n'kuyamba kupuma bwino. Apa m'pomwe ambiri amasiyira, poganiza kuti achira, chonsecho mtima ukadali wofooka.

Otalikitsa moyo ndi ena. Kafukufuku wa mu 1987 anaonetsa kuti enalapril amachepetsa imfa, ndipo wa mu 1999 anapeza kuti spironolactone amazichepetsa ndi 30 peresenti mwa odwala kwambiri. Palinso carvedilol kapena bisoprolol, amene amayambidwa pang'onopang'ono madzi akaphwa, komanso dapagliflozin, yemwe phindu lake linatsimikizika mu 2019. Umboni wonsewu ndi wa mtima umene mnofu wake sukufinya mwamphamvu, n'chifukwa chake kuunika mtima ndi makina n'kofunika: wa vuto la mavavu angafunike jakisoni wa penicillin mwezi ndi mwezi, mwinanso opaleshoni.

Mankhwalawa amafuna diso la achipatala. Enalapril ndi woopsa kwa mayi woyembekezera. Womwa spironolactone ayenera kuyezedwa magazi pofuna kuona impso ndi potaziyamu. Brufen ndi diclofenac, omwe anthu amangogula msana ukawawa, amabwezeretsa madzi m'thupi, monganso umachitira mchere wambiri m'ndiwo.

Pa chisamaliro chotere, ife tikuona kuti boma la Mwanza silikufunika kuphunzira patali. Ku Neno, boma lomwe linapatuka ku Mwanza mu 2003, a Abwenzi Pa Za Umoyo ndi Unduna wa Zaumoyo aphunzitsa makiliniko ofesala ndi anamwino kusamalira odwala otere pansi pa ndondomeko ya PEN-Plus, yomwe mayiko a mu Africa anaivomereza ku Lomé mu 2022. Wodwala wa ku Thambani kapena ku Kunenekude m'boma la Mwanza asamadalire ulendo wa ku chipatala cha Queens ku Blantyre kuti apeze mapiritsi omwa tsiku ndi tsiku. Tikupempha unduna ndi Central Medical Stores Trust kuti mankhwalawa azifika pa chipatala cha Mwanza ndi zipatala zake zing'onozing'ono mosadukiza, pakuti kulekeza carvedilol mwadzidzidzi kungathe kumubwezera wodwala pa bedi.